Kwa AI, "M'tauni" ndi Kuti? Tiziyesa Malongosoledwe a Zida Tisanaitume

Mpaka posachedwapa, ntchito ya AI kwa ambirife inali kuyankha mafunso basi. Umalemba funso pa ChatGPT, iyo n'kuyankha, iwe n'kuona wekha ngati yankholo lili lomveka kapena ndi zamkutu. Ngakhale Ulangizi, chatbot ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linakhazikitsa kuno ku Malawi mu 2024, ntchito yake ndi yomweyo: mlimi amafunsa m'Chichewa kapena m'Chingerezi, iyo n'kumulangiza potengera buku la malangizo la Unduna wa Zaulimi. Ikalakwitsa, pamakhalabe munthu amene angakane kutsatira malangizowo.

Nkhani imene ili m'kamwam'kamwa tsopano pakati pa ophunzira zamakompyuta ndi ya ma AI agent. Iyi ndi AI yotumidwa. Imatha kugula mayunitsi, kutumiza ndalama, kuitana wakabaza kapena kusungitsa malo m'basi. Kuti ichite zimenezi imapatsidwa zida, zimene anzathu olemba code amati ma tool, ndipo chida chilichonse chimabwera ndi mawu ochepa ofotokoza ntchito yake. Maganizo anga ndi akuti mawu ochepa amenewa tikuwanyozera kwambiri, chonsecho m'pamene ndalama za anthu zidzatayikire. Pulojekiti ya AI yotumidwa imene mwini wake sanayese malongosoledwe a zida zake siyenera kupatsidwa malikisi apamwamba, ndipo siyenera kukhudza kwacha ya munthu.

Zimene AI imaona

Tiyambe ndi mmene zimayendera. Mu June 2023 kampani ya OpenAI inatulutsa njira yotchedwa function calling, ndipo mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, imene ambiri amangoti MCP. M'njira zonse ziwirizi, wopanga pulogalamu amapereka zinthu zitatu pa chida chilichonse: dzina, mawu ofotokoza zimene chidacho chimachita, ndi mndandanda wa zofunika kulowetsamo. AI imawerenga zimenezi, n'kusankha chida, n'kudzaza zofunikazo. Pulogalamu ndiyo imagwira ntchito yeniyeniyo, kenako n'kubweza yankho kwa AI.

AI siona code imene ili kuseri kwa chidacho. Sinakhale nawo pa zokambirana za gulu lanu, ndipo sidziwa zimene munagwirizana usiku uja mukumaliza pulojekiti. Zonse zimene imadziwa za chida chanu ndi mawu amene mwalemba. Mukalemba dzina loti send_money ndi kufotokoza kwa mawu awiri okha, "Sends money", muli ngati munthu amene watuma mlendo kumsika ndi kapepala kolembedwa "kagule ndiwo". Ndiwo abwera nazo ndithu. Koma kaya ndi bonya wa tsiku limodzi, kaya ndi chambo chomaliza ndalama za sabata yonse, mudzazionera pakhomo.

Ngakhale eni ake a zinthuzi amavomereza kuti apa m'pofunika nthawi. Mu December 2024, akatswiri a Anthropic analemba kuti pokonza AI yolemba code anathera nthawi yambiri pa zida kuposa pa malangizo aakulu opita kwa AI. Anapereka chitsanzo chakuti AI inkasokoneza malo a mafayilo ikachoka mu foda imene inayambira, ndipo vutolo linatha atasintha chidacho kuti chizifuna adiresi yonse ya fayilo nthawi zonse. Ngati iwo, amene amapanga AI yeniyeniyo, amakhala pansi kukonza zida, ife tingadumphe bwanji sitepe imeneyi?

Mawu atatu a mu Lilongwe

Tiyerekeze kuti ophunzira ena apanga app yotumizira katundu pa njinga zamoto mu Lilongwe, ndipo aikamo AI yolandira ma oda pa WhatsApp. Mawu atatu okha angawagwetse.

Loyamba ndi "tauni". Munthu wa mu Lilongwe akanena kuti ali m'tauni, nthawi zambiri amatanthauza Old Town: kumsika waukulu, kudepoti, mumsewu wa Malangalanga. City Centre ndi malo ena, amene anamangidwa pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Kumeneko n'kumene kuli Capital Hill, Nyumba ya Malamulo ndi Reserve Bank. Pakati pa malo awiriwa pali mtunda, ndipo wodutsa msewu wa Kenyatta amaona nkhalango ya Wildlife Centre asanafike. Koma AI inaphunzira kwambiri kuchokera ku zolemba za Chingerezi zonena za mizinda ina, kumene "town" ndi "city centre" ndi malo amodzi. Chida chikangoti "pickup location" popanda kulongosola, musadabwe wakabaza akaima pa City Centre pamene kasitomala akumudikira pa Malangalanga ndi thumba la kaunjika.

Lachiwiri ndi "Area". Ife tikudziwa kuti manambala a ma Area satsatira kuyandikana. Area 9 ili mbali ya Area 3, pamene Area 10 ili kufupi ndi Capital Hill ndipo yayandikana ndi Area 43. Area 24 ili kummwera kwa mzinda, Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo. Mlendo aliyense, kuphatikizapo AI, angaganize kuti 24 ndi 25 n'zoyandikana, n'kutchula mtengo wa ulendo waufupi. Komanso kunena "Area 47" popanda sekita, kapena "Area 18" popanda A kapena B, n'kumusiya wakabaza panjira. Ndiye pali malo amene timawatchula ndi mayina, monga Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mtandire. Ngati chida chimangolandira nambala ya Area, malongosoledwe ayenera kunena choti AI ichite munthu akati "ndili ku Biwi".

Lachitatu ndi "mayunitsi". Munthu akalemba kuti "ndigulire mayunitsi a K5,000", akufuna chiyani? Angakhale a foni. Angakhale a magetsi a ESCOM, aja a manambala 20 olowetsa pa mita. Angakhalenso a madzi, kwa amene ali ndi mita yolipiriratu ya Lilongwe Water Board. Ngati app ili ndi zida zitatu zofanana ndipo malongosoledwe ake sakusiyanitsa, AI isankha chimodzi molimba mtima, osafunsa. Safunsa anadya phula, koma pano amene adye phulalo ndi kasitomala.

Palibe cholakwika mu code pa zitsanzo zonsezi. Pulogalamu yachita ndendende zimene yauzidwa. Cholakwika chili m'mawu, ndiye chifukwa chake mayeso a masiku onse a code sangachigwire.

Mafunso asanu ndi limodzi powerenga

Mayeso oyamba safuna kompyuta. Tengani malongosoledwe a chida chanu, muwapereke kwa mnzanu wanzeru amene sanaonepo pulojekitiyo, makamaka wa kosi ina. Musamufotokozere kanthu pakamwa. Aone ngati angayankhe mafunso awa pongowerenga:

1. Chidachi chimachita chiyani kwenikweni, ndipo n'chiyani chimene sichichita?
2. Chigwiritsidwe ntchito liti, ndipo n'liti pamene chida china ndicho choyenera?
3. Zolowetsamo zilembedwe motani? Nambala ya foni iyambe ndi 0 kapena +265? Ndalama zili m'makwacha kapena m'matambala? Kodi 03/04 ndi 3 April kapena 4 March?
4. Chimabweza yankho lotani, ndipo yankholo limatanthauza chiyani?
5. Zikakanika, chichitike n'chiyani?
6. Kodi zimene chachita zingabwezedwe?

Funso lachitatu likuoneka laling'ono, koma mapulogalamu ambiri akunja olipirira amawerenga ndalama m'timagawo tating'ono, monga ma cent m'malo mwa madola. AI yozolowera zimenezo ingathe kuwonjezera maziro awiri pa ndalama zimene munthu wanena, K5,000 n'kusanduka K500,000, ngati simunanene kuti chida chanu chimalandira makwacha athunthu.

Funso lachisanu ndi limene ndimaliona lofunika kwambiri kwathu kuno. Netiweki imaduka. Nthawi zina ndalama zapita koma uthenga wotsimikiza sunabwere. Chida chikangobweza mawu akuti "error", AI imaganiza kuti palibe chachitika, n'kuyesanso, ndipo munthu amalipira kawiri. Malongosoledwe abwino anganene motere: "Chidachi chimatumiza ndalama m'makwacha athunthu ku nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ndalama zikapita sizibwerera zokha. Musanachigwiritse ntchito, uzani munthuyo nambala ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo dikirani avomere. Yankho likachedwa, musatumizenso; funsani kaye chida choona ngati ndalama zafika. Pogula mayunitsi a magetsi gwiritsani ntchito chida cha magetsi." Ndime imeneyi siitenga mphindi zisanu kulemba, koma yayankha mafunso pafupifupi onse a pamwambapa.

Kuwerenga kokha sikukwana

Ndime ingamveke bwino kwa munthu koma AI n'kusocherabe nayo. Choncho chiweruzo chenicheni chili pa zimene AI yachita itawerenga.

Kunja kuli kale njira zoyesera. Ofufuza a pa yunivesite ya California ku Berkeley anayambitsa Berkeley Function Calling Leaderboard mu 2024, imene imayesa ngati AI yasankha chida choyenera ndi kuchidzaza molondola, ndiponso ngati imadziwa kudziletsa pamene palibe chida chogwirizana ndi pempho. Chaka chomwecho kampani ya Sierra inatulutsa tau-bench, imene imaika AI pa ntchito yothandiza makasitomala a sitolo ndi a ndege, n'kuona ngati ingachite bwino ntchito imodzimodzi ikaibwereza kangapo. Mfundo zake n'zabwino ndipo tingazibwereke. Koma mayesowa amayesa AI pa zochitika za kwawoko. Mulibe Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi chimene timalemba pa foni, mulibe Area 25C. AI imene yakhoza bwino kumeneko sinayesedwebe pa kasitomala wa ku Chilinde.

Tiyenera kupanga mayeso athu, ndipo sizovuta. Nayi njira imene ndikuganiza kuti gulu lililonse la ophunzira lingakwanitse.

Sonkhanitsani mapempho 50 olembedwa mmene anthu amalembera, osawakonza. Pemphani anzanu, azakhali anu, wogulitsa pa okala, aliyense alembe mmene angalembere pa WhatsApp, ndi zidule zake ndi masipelo ake. Mwa mapempho amenewa, ena akhale omveka bwino, ena akhale osakwanira moti AI iyenera kufunsa, ndipo ena akhale oti palibe chida chimene chingathandize. Musanayambe kuyesa, lembani pambali pa pempho lililonse zimene munthu wodziwa ntchito akanachita.

Kenako perekani pempho lililonse kwa AI kasanu, chifukwa AI siyankha mofanana nthawi zonse. Kukhoza kanayi mwa kasanu kumaoneka bwino pa mayeso a m'kalasi, koma pa ndalama zikutanthauza kuti mwa makasitomala asanu, mmodzi walira. Werengani zinthu zinayi padera: kangati yasankha chida cholakwika, kangati yadzaza molakwika, kangati yachita zinthu pamene inayenera kufunsa, ndi kangati yafunsa zopanda pake pamene zonse zinali zomveka. Chachinayichi musachiiwale, chifukwa AI yofunsa mafunso asanu pogula mayunitsi a K500 anthu aitaya n'kubwerera ku *211# kapena *444#.

Mukaona pamene ikulakwitsa, sinthani chinthu chimodzi chokha m'malongosoledwe, n'kuyesanso mapempho onse. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza. Sunganinso mapempho ena khumi pambali amene simuwayang'ana pokonza, kuti pomaliza muone ngati mwakonza malongosoledwe kapena mwangoiloweza AI mayankho a mayeso. Ndipo zonsezi zichitikire pa akaunti yoyeserera, osati pa foni ya mayi anu.

Zimene ena anganene

Mnzanga wina amati zonsezi n'kutaya nthawi, chifukwa AI ikuchenjera mwezi ndi mwezi ndipo posachedwa izidzimvera yokha. N'zoona kuti ikuchenjera. Koma nzeru sizingabweretse mfundo imene sinalembedwe paliponse. Pulofesa wochokera ku London, ngakhale ali ndi madigiri angati, sangadziwe kuti chida chanu chimafuna nambala yoyamba ndi 265 popanda chizindikiro cha kuphatikiza ngati simunamuuze. Chimene ndimaopa n'chakuti AI yochenjera imaphonya mwaulemu ndi molongosoka, moti cholakwacho chimavuta kuchiona.

Ena amati malongosoledwe aatali amadula. Apa ali ndi mfundo. Mawu amenewa amatumizidwa kwa AI pa pempho lililonse, ndipo makampani amalipiritsa potengera kuchuluka kwa timagawo ta mawu, ma token, m'madola. Aliyense amene anayesapo kulipira chinthu cha pa intaneti kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa mmene dola imawawira. Chichewa chimadyanso ma token ambiri kuposa Chingerezi pa mfundo yomweyo. Koma yankho lake ndi mayeso omwe aja. Chotsani chiganizo chimodzi, yesaninso. Ngati zotsatira sizinasinthe, chiganizocho chinali chongodya ndalama. Njira ina yochepetsera mtengo ndi kuchepetsa zida. Zida zisanu zosiyana bwino zimaposa zida makumi awiri zofanana mayina.

Palinso amene amati tingopatsa AI ina ntchito yoweruza malongosoledwe. Ingathandize kupeza zoonekeratu, monga pamene simunanene mtundu wa ndalama. Koma woweruzayo ndi mlendo mnzake. Nayenso sadziwa kuti tauni ndi Old Town, choncho sangaone kuti mfundoyo ikusowa. Pamenepa pafunika munthu amene anakwerapo minibasi ya ku 25.

Chotsutsa chimene ndikuvomereza kwathunthu n'chakuti malongosoledwe si loko. Kulemba kuti "musatumize ndalama zoposa K50,000" ndi pempho chabe, ndipo AI ingaliphonye. Malire enieni akhale mu code, ndipo pa chilichonse chosabwezeka munthu azitsimikiza yekha, monga timachitira ndi PIN pa Airtel Money ndi Mpamba. Malongosoledwe abwino amachepetsa zolakwika, code yabwino imachepetsa kukula kwa zolakwikazo. Zonse ziwiri n'zofunika.

Werenganinso zimene ena alemba

Pali chifukwa china chowerengera malongosoledwe mosamala. Ambiri mwa ife sitilemba zida zonse tokha, timakopera zimene ena aika pa GitHub. Mu April 2025 ofufuza a Invariant Labs anaonetsa kuti munthu woipa angabise malangizo m'malongosoledwe a chida cha MCP, malangizo amene mwini foni kapena kompyuta sawaona koma AI imawawerenga n'kuwatsatira. M'chitsanzo chawo china, chida chooneka chosalakwa chinachititsa AI kutumiza kwa munthu wina mauthenga a pa WhatsApp a mwini wake. M'dziko limene mabizinesi ambiri, magulu a banki m'khonde ndi nkhani za m'banja zimayendera pa WhatsApp, imeneyi si nkhani yoseka.

Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Sindikuona kuti kudzakhala kokwanira kuuza kasitomala, kapena bungwe limeneli, kuti "AI ndi imene inatumiza". Amene anaika chida osawerenga mawu ake ndi munthu, ndipo ali ndi dzina.

Ntchito imeneyi ndi ya ndani?

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ntchito imeneyi siifuna kompyuta yamphamvu kapena ndalama zambiri. Sitingapikisane ndi makampani a ku California popanga AI yaikulu. Koma palibe wa ku California amene angalembe bwino kuposa ife mmene AI iyenera kumvera munthu wa ku Area 36 akamaitanitsa katundu. Luso limeneli lili pakati pa code ndi chinenero. Wophunzira wa ku NACIT, Daeyang, MUBAS kapena MUST amadziwa zimene chida chimachita. Wophunzira zinenero ku UNIMA kapena ku Mzuni amadziwa kupeza pamene chiganizo chili ndi matanthauzo awiri. Wa ku LUANAR amadziwa mmene mlimi amatchulira matenda a chimanga ndi muyeso wa mbewu. Gulu lokhala ndi anthu atatuwa lingalembe malongosoledwe abwino kuposa gulu la olemba code okhaokha, ndipo omaliza maphunziro a zinenero amene akusowa ntchito ayenera kuyamba kudzionetsa pamalo ngati amenewa.

Kwa aphunzitsi athu, pempho langa ndi ili. Pa tsiku loonetsa mapulojekiti, wophunzira amabwera ndi mapempho atatu amene wawayeserera usiku wonse, AI n'kuchita bwino, anthu n'kuwomba m'manja. Zimenezo sizikutiuza kanthu. Muzipempha tebulo la mapempho 50 aja, manambala a zolakwika asanakonze ndi atakonza, ndi mawu enieni amene anasinthidwa. Kenako mutenge foni nokha, mulembe pempho lanu m'Chichewa cha pa msewu, muone chimene chichitike.

Kwa anzanga amene mukupanga ma app oti mudzagulitse, sabata ino tsegulani fayilo imene muli malongosoledwe a zida zanu. Ngati chida chokhudza ndalama chili ndi mzere umodzi wokha, yambirani pomwepo. Mukamaliza, lembani kuti "ndili m'tauni, ndigulire mayunitsi", muone ngati AI yanu ifunse kaye kuti mayunitsi ake ati.